Madzi Amene Ndinameza

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi tsiku limene ndinadzigwira ndekha ufiti. Palibe anandiloza chala, palibe anaombeza. Ndinadziweruza ndekha nditaima m'mphepete mwa munda wa thonje, ndipo kwa theka la tsiku ndinayenda nacho chigamulocho m'mimba ngati ndameza mwala.

Tinkakhala m'kamudzi kena kufupi ndi Chiputo, kuno ku Maravia. Makolo anga anali m'gulu la anthu amene anabwerera kuchokera ku Zambia nkhondo itatha, ine ndili kumsana. Atate sankakhalitsa pakhomo. Ankakumba golide cha ku Fingoe, n'kumabwera mwezi ukatha, mwezi wina osabwera n'komwe. Choncho munda unali wa amayi, ndipo mwana wa amayi anali wanga. Mwanayo anali mlongo wanga Bento, wa chaka chimodzi ndi miyezi ingapo, wonenepa, wokonda kundikoka tsitsi, wosafuna kutsika kumsana kwanga ngakhale ndikupita kuseri.

Ndinene zoona za ine. Sindinali mwana wolongolola ayi. Ndinali wa mtundu woipa uja, wongoti ziii, milomo itatupa, nkhani n'kuisunga kukhosi sabata yathunthu. Akulu ankandiyamikira kuti Jowana ndi mwana wofatsa, ine n'kumavomera, koma m'kati ndinali kutukwana mudzi wonse mmodzimmodzi.

Amayi anali ndi mkulu wawo, amene ife tinkawatchula kuti amayi aakulu, koma mudzi wonse unkati Amake Zuze. Iwowo ndiye anali a mtima wapachala enieni. Mbuzi ikalowa m'dimba mwawo, mawu awo ankamveka mpaka kutsidya kwa mtsinje. Koma anthu omwewo amene ankawathawa pa ndewu ankabweranso kwa iwo chogwada, chifukwa Amake Zuze anali ndi mizimu. Inawagwira tili ku Zambia, anadwala pafupifupi chaka, mpaka mkulu wina wodziwa za mizimu anawatenga n'kuwaphunzitsa mitengo ndi malamulo ake. Lamlungu ankapita kutchalitchi ngati wina aliyense, n'kumaimba mokweza kuposa onse. Masiku enawo ankagwira ntchito m'kanyumba kaudzu kuseri kwa nyumba yawo, momwe munali nsupa, mizu, nsalu yoyera ndi kamtondo ka mankhwala. Ana sitinkalowamo popanda kuitanidwa, ndipo podutsa pamenepo tinkathamanga.

Mwa malamulo onse amene anawapatsa, lalikulu linali limodzi: mtengo sugwiridwa ndi mtima wotentha. Ankati muzu umamva za m'manja mwa amene waugwira, ndipo wokwiya akausinja, wodwala amamwa mkwiyowo. Ndiye m'mawa uliwonse, asanatsegule kanyumba kaja, ankatunga madzi m'chikho n'kupita pachulu chimene chinali kuseri. Ankaima pamenepo n'kutchula mokweza zonse zimene zinali kuwatentha, kenako n'kuchukucha m'kamwa, n'kulavula. Ine ndi Zuze, mwana wawo wamkulu, tinawabisalirapo kangapo. Ndinkayembekezera kumva mawu oopsa a mizimu, koma zimene ndinamva zinali izi:

"Ndakwiyira amuna anga, anagona osatseka khola. Ndakwiyira mng'ono wanga, sefa yanga sanabweze mpaka lero. Chitenje cha akazi a akatekisita chandichititsa nsanje, ndipo ndinawanena kuchitsime. Zonsezi ndi zanga, zisapite kwa odwala."

Kenako pyaa! madzi pachulu. Tinkaseka mpaka kugwira m'mimba, titatseka pakamwa ndi manja.

Tsiku limene ndikunenali linali m'dzinja, thonje litayamba maluwa. Kusukulu kunali mayeso a masamu, porova monga tinkanenera, ndipo ndinali nditakonzeka sabata yonse. Aphunzitsi anali atanena kuti wojomba abwereza kalasi. Nditavala kale, kope lili m'manja, amayi anatuluka atanyamula bomba yopopera thonje.

"Lero sukulu ayi. Mbozi zalowa m'munda. Um'bereke Bento, tiye."

"Amayi, lero ndi porova."

"Porova tidzadya? Vula diresiyo."

Ndinavula diresi, ndinabereka mwana, ndinawatsata. Njira yonse anzanga ankadutsana nafe akuthamangira kusukulu, ine maso pansi.

Titafika, amayi anathira mankhwala m'bomba kuchokera m'kabotolo kofiirira, kagarafa kamene a kampani ya thonje ankagawa. Anakatsukuluza kamodzi, n'kukaika pamphanda ya mtengo wa msuku kuti adzakakwirire pobwerera. Anandiuza kuti ndikhale pamthunzi, kumbali yosawombera mphepo, mwana asatsike. Kenako analowa m'mizere mpaka ndinangoona mpango wawo patali.

Bento anayamba zake. Anandikoka tsitsi, anandimenya ndi chibakera pakhutu, anandikodzera kumsana. Pa nthawi imeneyo belu la kusukulu linalira, chitsulo chija ankachimenya ndi mwala, ndipo mawu ake anafika bwinobwino mpaka kumundako. China chake chinaduka m'kati mwanga. Ndinamasula mbereko, ndinamutsitsa mwamphamvu pansi pa msuku uja, mpaka mtengo ndinauguguda ndi phewa. Ndinamuyang'ana m'maso n'kunena mawu amene ndimawamvabe mpaka lero:

"Ukanangofa iwe, ine ndipume."

Ndinamusiya akulira, n'kutsetserekera kumtsinje. Ndinakhala pamwala, n'kumaponya timiyala m'madzi, ndikuwerengera masamu amene anzanga anali kulemba. Sindikudziwa kuti ndinakhalako nthawi yaitali bwanji. Chimene chinandibweza ndi chakuti kulira kuja kunasiya.

Ndinam'peza atakhala phee, akusewera. M'manja mwake munali kagarafa kaja. Kanali katagwa pamphanda paja, mwina pamene ndinaguguda mtengo, ndipo iye anali kuyamwa kukamwa kwake ngati bere. Ndinakalanda, ndinakaponya kutali m'tchire la tsekera, ndinam'pukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Pakamwa pake pankanunkha fungo lija la bomba. Ndinam'bereka msangamsanga n'kukhala pamthunzi ngati mwana womvera. Mumtima ndinati: amayi anakatsuka, munalibe kanthu.

Dzuwa lisanafike pamutu, ndinamva kumsana kwanga kukunyowa. Sunali mkodzo. Linali dovu, likungoyenderera osaleka. Kenako anasanza. Thupi lake lonse linali thukuta, ndipo timinofu ta m'masaya mwake tinkagwedera tokha. Nditam'tembenuza, maso ake anali achilendo, kakuda ka pakati katachepa ngati kambewu ka mpiru. Ndinakuwa. Amayi anaponya bomba pansi n'kubwera akuthyola thonje ndi miyendo.

"Watani mwana? Wadya chiyani?"

"Sindikudziwa, amayi. Anali kumsana."

Bodza limenelo linatuluka lokha, losalala bwino. Ndipo apa ndi pamene ndiyenera kufotokoza zimene zinali m'mutu mwanga, chifukwa munthu wa kwina angati mwanayu anali chitsiru. Ine za kagarafa sindinaziganizire kwenikweni. Ndinkaganizira mawu aja. Ndinali nditanena kuti afe, ndipo taonani akufa. Chaka cham'mbuyo mwake, kumudzi wa kutsidya, mtsikana wa msinkhu wanga anam'nena kuti anadya mng'ono wake, anam'meta mpala anthu akuonerera, n'kum'tumiza kwa abale akutali, ndipo sitinamuonenso. Ndinkadziwa kuti ndikangotchula kagarafa, andifunsa kuti unali kuti, ndikanena kuti kumtsinje andifunsa chifukwa chake, ndipo kumapeto kwa mafunsowo kunali mawu aja. Ndiye ndinatseka khomo loyambalo kuti asafike pa lomaliza.

Amayi anam'nyamula n'kuthamangira kwa mkulu wawo, amene iwo ankawaitana kuti Mana. Ine ndinkatsatira m'mbuyo. Ndinkaopa kuti Bento afa. Ndinkaopanso kanyumba kaja, poti tonse tinkakhulupirira kuti nsupa za Amake Zuze zimaona m'mimba mwa munthu.

"Mana, mwana wanga! Mana, taonani mwana wanga!"

Amayi aakulu anatuluka, anamuyang'ana mwana, anam'tsegula zikope. Anati mwina ndi matenda aja ogwetsa ana, ndipo pali muzu wofukiza ndi wina womwetsa. Anam'goneka pamphasa m'kanyumbamo. Munali mdima ngakhale kunja kunali dzuwa, munkanunkha utsi wakale ndi nsatsi. Anavala mikanda yawo yoyera, anasankha mizu iwiri, kenako anatembenukira kwa ine.

"Jowana, bwera. Usinje ndiwe."

Umenewo unali mwambo wake. Mankhwala a khanda amasinjidwa ndi mwana amene sanakule, chifukwa thupi lake ndi lozizira. Ndinali nditawasinjirapo kawiri m'mbuyomo, ndipo ndinkanyada nazo. Koma lamulo la pachulu silinkasiya munthu, ngakhale mwana. Anatunga madzi m'chikho n'kundikokera kuseri.

"Fulumira. Nena za mumtima, ulavule."

Ndinagwira chikho ndi manja awiri. Kumbuyo kwanga ndinkamva Bento akupuma mokhala ngati m'chifuwa mwake muli madzi owira, ndi amayi akutchula dzina la Mariya mobwerezabwereza.

"Ndilibe kanthu, amayi aakulu."

"Ndiye chukucha ulavule, nthawi ikutha."

Ndinaika madzi m'kamwa. Koma maganizo anandibwerera kuti ndikalavula bodza pachulu pamenepo, mizimu indikantha pomwepo, kapena itembenukira kwa Bento. Kulavula sindikanatha, kusunga sindikanatha. Ndinameza.

Zinamveka. Khosi la mwana wamantha silimeza mwakachetechete. Amayi aakulu, amene anali atatembenuka kale kuti azibwerera, anaima. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ine ndinamva mkodzo ukutsika m'miyendo mwanga.

"Wameza," anatero motsitsa mawu. "Zaka zonsezi sindinaonepo munthu akumeza madzi apa. Wameza chiyani, mwana iwe?"

Ananjuta kuti nkhope yawo ifanane ndi yanga. Sanandigwire. Pamenepo ndinaphulika, mawu akutuluka limodzi ndi mamina.

"Ndine mfiti, amayi aakulu. Ndam'lodza ndine. Ndinati afe. Musandimete, chonde musanditumize kutali."

Ndinkayembekezera kuti akuwa, anthu athamangira kuno. Iwo anangofunsa ngati akufunsa njira ya kuchigayo.

"Unati afe. Chabwino. Utatero, unatani?"

"Ndinam'siya pansi."

"Utam'siya?"

"Ndinapita kumtsinje."

"Utabwerako, unam'peza akutani?"

"Akuyamwa kagarafa ka mankhwala a thonje."

Sindidzaiwala nkhope yawo. Inasintha ngati ya munthu wina, mitsempha ya pakhosi inatukuka, ndipo dzanja lawo linakwera m'mwamba, dzanja lija linkathyola nkhuni popanda nkhwangwa. Ndinatsinzina. Khofi silinabwere. Nditatsegula maso, anali atalanda chikho m'manja mwanga, ndipo analankhula moyang'ana chulu, mano atalumana:

"Ndakwiya. Ndikufuna kum'menya mwana uyu mpaka dzanja litope. Ndakwiyira mng'ono wanga wosiya poizoni pamtengo. Ndadzikwiyira ndekha, ndaona dovu ndi maso aja koma ndinathamangira mizu yanga chifukwa ndimakonda kuti anthu azinditama. Zonsezi ndi zanga."

Anachukucha timadzi totsalato n'kulavula. Sizinatenge nthawi yoposa kupuma katatu. Atatembenuka, mawu awo anali owongoka.

"Tamvera. Mawu ako sanam'dwalitse. Ine amuna anga ndawafunira imfa kambirimbiri, si awo akupalira fodya? Cham'dwalitsa ndi garafa, ndipo chimene chingamuphe ndi kukhala chete kwako. Izi si za nsupa zanga, ndi za ku posto, kuchipatala. Thamanga ukatenge garafayo lomba lino, anesi akaone dzina lake. Usabwere chimanjamanja."

Ndinathamanga. Kumbuyo ndinawamva akuitana Zuze kuti atulutse njinga. Kumunda ndinalowa m'tsekera chokwawa, udzu ukundicheka m'manja ndi kumaso, osasamala za njoka zimene ndinkaziopa masiku onse. Sindinkakumbuka mbali imene ndinaponyera. Ndinafufuza uku ndikulira, ndikupempha Mulungu, ndikupempha mizimu ya amayi aakulu, ndikupempha ngakhale kagarafa komweko kuti kaoneke. Ndinakapeza katakodwa pachitsa, chizindikiro cha chigaza chili pamwamba. Tsiku lonse ndinali ndisanachione chigaza chimenecho.

Ndinawapeza pamtsinje wa panjira ya ku Chiputo. Madzi anali m'chiuno chifukwa cha mvula ya dzulo lake. Zuze anasenza njinga pamutu, amayi aakulu ananyamula Bento m'mwamba, amayi akuwagwira m'chiuno. Kutsidya, amayi anakwera pakaliyala ndi mwana, Zuze n'kupalasa m'matope, ife awiri tikuthamanga m'mbuyo. Amayi aakulu anali ndi mikanda yawo yoyera m'khosi, anaiwala kuvula, ndipo anthu m'njira ankatipatukira.

Ku posto, kachipatala kathu kakang'ono, tinapeza anesi aamuna atam'goneka kale Bento. Ndinawapatsa kagarafa. Anawerenga, anayang'ana mwana m'maso, n'kutsegula kabati mofulumira. Anam'baya jakisoni, patapita kanthawi wina, kenako winanso, n'kumuika soro, diripi ija, padzanja. Ali mkati mogwira ntchito anafunsa m'Chinyanja chawo chosweka kuti mwanayu wamwa nthawi yanji. Onse anayang'ana ine.

"M'mawa, belu la kusukulu litangolira."

Anesi anayang'ana wotchi yawo, n'kupukusa mutu. Dzuwa linali litapendeka kale. Amayi anandiyang'ana, ndipo ndinaona kuti akuwerengera okha: nthawi imene ndinakhala pamthunzi ngati mwana womvera, nthawi imene anandifunsa kuti wadya chiyani, nthawi imene tinataya m'kanyumba ka mizimu. Sanandimenye tsiku limenelo kapena lina lililonse. Ndikanakonda akanandimenya.

Bento anakhala ku posto masiku asanu. Tsiku lachitatu anatsegula maso bwinobwino, ndipo chinthu choyamba chimene anachita nditamuweramira ndi kundikoka tsitsi. Ndinam'lola akoke mpaka atatopa.

Titabwerera kumudzi ndinkadikira lumo. Silinabwere. Amayi aakulu anauza aliyense wofunsa kuti mwana anayamwa garafa ya thonje, basi, ndipo palibe analimba mtima kuwafunsa kawiri. Za mawu aja sanauze munthu. Anandiuza kuti ndikawauze ndekha amayi, ndipo ndinatero patapita sabata, tikutola nkhuni. Amayi anakhala pansi pomwepo. Kenako anati, "Nanenso ndinalakwa, tsiku lija ndinakumva kuti uli ndi porova." Chaka chimenecho ndinabwereza kalasi, koma kuyambira pamenepo tsiku la mayeso Bento ankam'siya kwa mkulu wawo.

M'mawa wina amayi aakulu ananditenga kupita nane pachulu, osati kudzasinja, kungoti ndiime nawo. Nditawamva akutchulanso amuna awo ndi mbuzi zomwe zija, ndinawafunsa kuti nanga bwanji mkwiyo wawo sukutha, chikhalirecho amaulavula tsiku lililonse. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Ukutha bwanji? Kodi pabwalo umasesa kamodzi? Amene anandiphunzitsa anandiuza kuti mtima wangawu ndidzafa nawo. Anangoti ndiziudziwa dzina m'mawa uliwonse, usamandiyendetse ndisakudziwa."

Anandipatsa chikho. Ndinati ndakwiyira atate chifukwa sabwera. Ndinati ndimachita nsanje ndi ana amene alibe ang'ono awo. Ndinalavula. Palibe chinachitika, kumwamba sikunagunde, ndipo tinabwerera kukasenda chinangwa.

Amayi aakulu anatisiya kalekale, ndipo kanyumba kaja kanagwa ndi mvula. Nsupa zawo sindinazitenge, mizimu yawo sinandifune, ndipo za muzu womva mkwiyo sindingalumbire kuti ndi zoona kapena ayi. Chimene ndikudziwa ndi chakuti tili ana tinkawaseka molakwa. Tinkaganiza kuti munthu wa mizimu ayenera kukhala woyera mtima, ndiye tinkadabwa kumva nsanje ya chitenje. Koma iwo ankapita pachulu chifukwa ankadzidziwa kuti si oyera, ndipo tsiku limene dzanja lawo linakwera kuti lindiphwanye, anali ndi njira yoliimitsira imene anaiyenda m'mawa uliwonse kwa zaka zambiri. Ine wofatsa uja ndinalibe njira iliyonse. Ndinkangodziwa kumeza.

Mtima wosunga zinthu ndikadali nawo, amuna anga angakuuzeni. Ndimakhala ku Fingoe tsopano, ndipo kuseri kwa nyumba yanga kulibe chulu, kuli mtengo wa papaya, ndipo ndimalavulira pamenepo. Ana anga amandibisalira m'mawa n'kumaseka, ine n'kumachita ngati sindikuwaona.

Bento ndi bambo wa ana awiri, amalima fodya kwathu komwe kuja. Ndi munthu wanthabwala, ndipo nkhani yonseyi amaidziwa, mpaka amanditchula kuti mfiti yake. Koma dzanja lake lamanja limanjenjemera pang'ono kuyambira ali mwana, makamaka akagwira chinthu chodzaza. Palibe dokotala ananenapo kuti n'chifukwa cha maola aja amene ndinakhala chete, ndipo ine sindinafunsepo. Akabwera kudzandiona, atatopa ndi njinga, amapempha madzi akumwa. Ndimam'thirira theka la kapu kuti asatayikire, iye n'kumadandaula kuti achemwali ake ndi oumira ngakhale madzi.